Bambo sakumva mawu, fungo, ngakhale moto wa pambaula: kodi ndi nthenda imodzi?

Funso

Bambo anga ali ndi zaka 67, tikukhala nawo kuno ku Area 25. Anagwira ntchito pachigayo zaka zoposa 20. Masiku ano tikamawayankhula amati tikung'ung'udza, ndipo wailesi amaikweza mpaka aneba kudandaula. Chidwalireni Covid mu 2021 amati ndiwo zonse n'zozizira, ndiye mchere amachita kuwaza ndi dzanja. Ali ndi matenda a shuga, amamwa metformin. Mu Juni anapsa phazi akuwotha moto pambaula koma sanamve chilichonse, thuza tinaliona ndife m'mawa, ndipo balalo silikupola. Azakhali akuti pali munthu anawatseka. Kodi zonsezi ndi nthenda imodzi? Nanga mwa zimenezi chingabwerere n'chiti?

Yankho

Mayi, ndisanafotokoze china chilichonse, bambo apite nalo kuchipatala bala la kuphazilo sabata ino, mawa lomwe ngati n'kotheka. Za makutu, mphuno ndi lilime zikhoza kudikira milungu ingapo, koma bala la paphazi la munthu wa shuga silidikira. Chifukwa chake ndichifotokoza tikafika pa khungu.

Sindikudabwa kuti azakhali akuona dzanja la munthu m'modzi pa zonsezi, chifukwa ngakhale chinenero chathu chimaziika m'dengu limodzi. Ng'oma ikalira, timamva. Nyama ikamapsa pachiwaya, timamva fungo. Mchere ukakolera timati ukumveka, munga ukatibaya timamva kuwawa. Maso okha ndiwo ali ndi mawu awoawo, kuona. Mwambi uja wakuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu umasewera pomwepa: kumva koyamba n'kwa khutu, kwachiwiri n'kwa khungu. Ndipo makolo sanaphonye. Ubongo uli mumdima m'kati mwa chigaza, sukhudza moto, sulawa mchere. Chomwe umalandira ndi timphamvu ta magetsi toyenda m'mitsempha, osati mitsempha ya magazi ayi, koma yonyamula uthenga. M'khutu, m'mphuno, palilime ndi pakhungu muli timaselo tomwe ntchito yake ndi imodzimodzi, kusandutsa zochitika kunja kukhala magetsi oti ubongo uwerenge. Kusiyana kuli pa kapangidwe ka timaseloto, chomwe chimatiwononga, ndi kuti tikafa timameranso kapena ayi. Bambo sindinawayeze, koma pa zomwe mwalembazi ndikuona zoyambitsa zitatu zosiyana: chigayo pamodzi ndi ukalamba, kachilombo ka Covid, ndi shuga.

Tiyambe ndi khutu, poti ndilo likukuyambanitsani tsiku ndi tsiku m'nyumbamo. Ikani dzanja pa sipika ya wailesi ya bambo ikamalira, mumva ikunjenjemera. Kunjenjemera komweko kumakankha mpweya, mpweyawo n'kukankha unzake mpaka kufika pakhutu, ndipo phokoso ndi chimenecho. Khutu lakunjali, lomwe timaboola ndolo, limangowolera phokosolo n'kulilowetsa m'kanjira kotalika pafupifupi masentimita 2.5. Kumapeto kwake kuli kachikopa kopyapyala, kokungika ngati ka ng'oma, komwe ena amati mwinikhutu, kukula kwake pafupifupi sentimita imodzi. Kakagwedezeka kamagwedeza timafupa titatu tolumikizana kuseri kwake, malleus, incus ndi stapes. Ka stapes ndiko kafupa kochepetsetsa m'thupi lonse, mamilimita 3 okha, kosafika pa njere ya mpunga.

Timafupati tilipo chifukwa m'kati mwenimweni mwa khutu muli madzi, ndipo phokoso lochokera mumpweya silikonda kulowa m'madzi. Amene anamirako pa Senga Bay akudziwa momwe mawu a anthu a kumtunda amazimiririka mutu ukangolowa. Timafupato timasonkhanitsa mphamvu yonse ya pa mwinikhutu n'kuiunjika pa kazenera kakang'ono kwambiri, monga momwe msomali umaunjikira mphamvu ya hamala pansonga, ndipo kukankhako kumakula pafupifupi ka 20. Chipinda chokhala timafupachi chili ndi kapaipi kotsikira kummero kolowetsa mpweya. Ndiye chifukwa chake makutu amatseka mukamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, n'kutseguka mukameza malovu. Kapaipi komweko ndi komwe chimfine chimadzera pokafika m'khutu mwa mwana mpaka kutuluka mafinya.

Kuseri kwa kazenera kaja kuli cochlea, kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kozungulira kawiri ndi theka, kukula kwake ngati nsawawa. Mutakatambasula kangatalike masentimita 3.5. M'kati mwake mwandanda timaselo taubweya pafupifupi 15,000 khutu lililonse, pa kachiwalo komwe Alfonso Corti wa ku Italy anakafotokoza mu 1851. Madzi akagwedezeka, tiubweyato timapindika, timabowo ta pansonga pake n'kutseguka, timchere ta m'madzimo n'kulowa, uthenga wamagetsi n'kunyamuka kupita kuubongo. Georg von Békésy analandira mphoto ya Nobel mu 1961 atasonyeza kuti liwu lililonse lili ndi malo ake m'kankhonomo. Zili ngati kalimba: mano aafupi amalira mawu aang'ono okwera, aatali amalira mabesi. Mawu okwera amamvekera pakhomo penipeni pa cochlea, mabesi amakamvekera kumapeto, m'kati. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira kunjenjemera ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi.

Apa ndi pomwe chigayo chinawalowera bambo. Chimanga chikagwa ndi mphepo chimadzuka, koma chikathyoka ndiye basi. Mukachoka kuukwati komwe munakhala pafupi ndi masipika, makutu amalira ng'wii usiku wonse ndipo mawu amamveka ngati akuchokera kutali. Timaselo tagona, mawa lake tambiri timadzuka. Koma kugonetsedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 20, timafa. Nkhuku ndi nsomba zimameretsa tina tatsopano, munthu sameretsa. Timene munabadwa nato ndi tomweto mpaka kumanda. Kukula kwa phokoso timakuyeza m'ma decibel. Kucheza wamba kuli cha pa 60. Pa 85 khutu limapirira maola 8 patsiku, ndipo mukangowonjeza 3, nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 maola 4, pa 94 ola limodzi, pa 100 mphindi 15 zokha. Muyezo wosafuna makina ndi uwu: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mungamugwire paphewa akumveni, phokosolo lafika kapena lapitirira 85. Inu mukudziwa momwe anthu amayankhulirana m'chigayo, ndi manja.

Bambo akamati mukung'ung'udza sakukunamizirani. Phokoso ndi ukalamba zonse zimayamba kupha timaselo ta pakhomo paja, ta mawu okwera. M'kuyankhula kwathu, a, e, i, o, u ndi mawu otsika komanso amphamvu, pomwe s, f, ts, ps ndi th ndi okwera komanso ofooka. Ndiye mukati “wafika” kapena “watsika”, iwo amangomva a, i, a. Liwu lanu akulimva bwinobwino, chasowa ndi timapeto tosiyanitsa mawuwo. Mukakuwa mumangokweza ma a ndi ma i omwe akuwamva kale, ndipo khutu lowonongeka motere limadana ndi phokoso lalikulu, n'chifukwa chake munthu yemweyo amati simukumveka, mukakweza n'kuti bwanji mukundikalipira. Musawayankhule muli kukhitchini iwo ali pakhonde. Pitani pomwe ali, atchuleni kaye, ayang'ane nkhope yanu powala, wailesi ikhale yozima, yankhulani modekha. Akapanda kumva kawiri, sinthani mawuwo m'malo mobwereza omwewo. Izi ndikuzinena ndi mtima wonse, chifukwa chomwe chimandipweteka kwambiri pa achikulire otere si kugontha kwenikweniko, koma kuwaona akusiya kupita kubawo, kumphakati, kumaliro, chifukwa atopa kuseka pamene anzawo akuseka asanamve nkhani. Pakhomo amayamba kutchedwa aukali kapena oiwalaiwala, chonsecho ndi khutu.

Akayezetse. Nthawi zina pamwamba pa zonsezi pamakhala phula louma lomwe latseka njira, ndipo likachotsedwa ndi wodziwa munthu amatuluka akumvako bwino tsiku lomwelo. Musalitokose ndi kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku kapena timitengo tathonje, mumangolikankhira m'kati ndipo mukhoza kuboola mwinikhutu. Kuno ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College, Area 47, komanso madokotala a makutu, mphuno ndi mmero ku Kamuzu Central Hospital. Amayeza liwu ndi liwu n'kujambula pomwe khutu lagwera, ndipo la munthu wa m'phokoso nthawi zambiri limagwa kwambiri pa mawu onjenjemera ka 4,000 pa sekondi. Kachipangizo kothandiza kumva sikadzutsa timaselo takufa, koma kamakweza mawu okhawo omwe akusowa, chinthu chomwe kukuwa kwanu sikungachite. Mukawauzenso ngati bambo analandirapo kwinini, gentamicin, streptomycin kapena kanamycin, chifukwa mankhwala amenewa akhoza kuwononga timaselo tomweti. Shuga nayenso ali ndi mbali yake: kafukufuku wina wamkulu wa ku America wa mu 2008 anapeza kuti vuto la kumva limapezeka pafupifupi kawiri mwa anthu a shuga poyerekeza ndi anzawo. Ndipo ngati pali mnyamata wa kwanu amene walowa m'malo mwa bambo pachigayo, kapena amawotcherera zitsulo ku Mchesi, mugulireni zotsekera m'makutu lero. Bungwe la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha nyimbo zokweza, kuphatikiza za m'mahedifoni.

Pali kamtsempha kena kopyapyala ngati ulusi, chorda tympani, komwe kamadutsa m'chipinda cha timafupa chija, pakati pa malleus ndi incus, koma sikanyamula mawu. Kamanyamula kukoma kuchokera kutsogolo kwa lilime. Munthu amene khutu lake latuluka mafinya kwa zaka, kapena anachitidwa opaleshoni ya m'khutu, akhoza kumva kukoma mosintha mbali imodzi ya lilime. Koma kwa bambo ndikukayikira mphuno, osati lilime.

Yesani izi nokha. Tsinani mphuno zolimba, ikani kachidutswa ka bango lakupsa m'kamwa, tafunani. Mumva kutsekemera, kuwawasa pang'ono ndi kufewa, koma bango mulibemo. Tayani mphunoyo, nthawi yomweyo bango lafika. Lilime limadziwa zinthu zisanu zokha: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kwa msuzi kuja komwe Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anakutcha umami mu 1908, komwe ife timakupeza mu usipa wouma, bowa, tomato wakupsa ndi msuzi wa nyama. Pa titotupa ta palilime pali timagulu ta maselo olawira masauzande angapo, kagulu kalikonse maselo 50 mpaka 100, ndipo amasinthidwa ndi atsopano pafupifupi milungu iwiri iliyonse. N'chifukwa chake mukapsa lilime ndi tiyi, pakutha pa masiku ochepa mwaiwala. Chithunzi chija cha m'mabuku ena a sukulu chakuti kutsekemera kumamvekera kunsonga kokha, kuwawa kumbuyo kokha, n'cholakwika. Mbali zonse zolawira zimamva zisanu zonsezo. Pa kuwawa pokha tili ndi mitundu pafupifupi 25 ya tizolandirira, chifukwa ziphe zambiri za m'zomera n'zowawa. Lilime ndilo limachenjeza kuti chinangwa ichi n'chofunika kuviika kaye chisanakhale kondowole. Zina zonse, zomwe zimasiyanitsa chambo ndi mlamba, nkhwani wotendera ndi chisoso, zimakwera kuchokera kummero kupita kuseri kwa mphuno pamene mukutafuna.

Kudenga kwenikweni kwa mphuno, pakati pa maso, kuli kachigamba kosaposa sitampa ya kalata, konyowa ndi mamina. M'menemo muli timitsempha mamiliyoni angapo tomwe nsonga zake zaviikidwa m'maminamo kudikira tinthu touluka mumpweya. Linda Buck ndi Richard Axel anatulukira mu 1991 momwe timitsemphati timagwirira fungo, ndipo analandira Nobel mu 2004. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizolandirira fungo, ndipo fungo lililonse limadzutsa gulu lakelake la mitunduyo, monga momwe zilembo zochepa zimapangira mawu osawerengeka. Timitsemphato timadutsa m'fupa lobookabooka ngati sefa n'kulowa muubongo, pafupi ndi malo osunga zokumbukira ndi zokhudza mtima. Ndiye chifukwa chake fungo la utsi wa nkhuni zonyowa likhoza kukubwezerani kukhitchini kwa agogo musanaganize n'komwe. Fungo la dothi chizimalupsa akagwa limachokera ku geosmin, yemwe amapangidwa ndi tizilombo ta m'nthaka, ndipo mphuno ya munthu imamugwira ngakhale atachepa kwadzaoneni. Ndi yemweyo amene amapatsa mlamba wa m'dambo kafungo ka matope. Fupa la sefa lija ndi lomwe limapangitsa kuti ena ogwa pa njinga yamoto ya kabaza opanda chipewa adzuke osamvanso fungo: ubongo ukagwedezeka, timitsemphato timaduka pomwe tikudutsa m'mabowo.

Covid, yemwe odwala ake oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020 kuno ku Lilongwe, amagwira makamaka maselo oyandikana nawo omwe amadyetsa ndi kuchirikiza timitsempha ta fungo, ndipo kutupa kotsatirapo kumatizimitsa. Uthenga wabwino ndi wakuti apa m'posiyana ndi khutu: pansi pa kachigamba kaja pali maselo ambewu omwe amameretsa timitsempha tatsopano moyo wonse. Anthu ambiri fungo linabwerera pa milungu kapena miyezi yochepa. Ena linabwerera litasokonekera, khofi kununkha ngati matayala opsa, chifukwa timitsempha tatsopanoto sitinalumikizike mwa kale. Kwa bambo papita zaka, ndiye sindingakulonjezeni kuti lidzabwerera lonse. Koma dokotala akasuzumire m'mphunomo, pena mumakhala tinyama tomera kapena kutupa komwe kwangotseka njira, ndipo zimenezo zimachizika. Ngati amafwenkha fodya kapena kusuta, asiye. Palinso njira yophunzitsa mphuno yomwe Thomas Hummel ndi anzake ku Dresden anaiyesa mu 2009: kununkhiza zinthu zinayi za fungo lamphamvu, chilichonse masekondi pafupifupi 10, m'mawa ndi madzulo, kwa milungu yosachepera 12, uku ukukumbukira momwe chinthucho chinkanunkhirira. Pakhomo mungagwiritse khoko la ndimu, masamba a bulugamu ofikisa, khofi ndi mpungabwi, chilichonse m'kabotolo kake. Sizithandiza aliyense, koma sizidula ndipo sizipweteka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mchere wokhawo ndiwo ndikukana. Bambo akuthira wambiri chifukwa mchere ndi chimodzi mwa zochepa zomwe zikumvekabe, koma munthu wa shuga akawonjeza BP, impso ndi mtima zimavutika pawiri. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'buledi ndi m'timakyubu tothira m'ndiwo. Dzutsani lilime ndi zina: madzi a ndimu pa nsomba, tomato wambiri, usipa wosinja pang'ono m'masamba, nsinjiro, chakudya chokhala ndi zofewa ndi zokhukhuta pamodzi. Onaninso m'kamwa mwawo, chifukwa shuga amaumitsa malovu ndipo amabweretsa zoyera za palilime, pomwe metformin kwa ena amasiya kakomedwe ka chitsulo. Ndipo poti mphuno siwachenjezanso, asakhale iwo oweruza ngati ndiwo zogona zasasa, kapena ngati gasi akutuluka m'silinda.

Tsabola ayenera kuti akumumvabe. Timati kwinini amawawa, kambuzi amawawa, bala limawawa, koma pa atatuwa kwinini yekha ndiye nkhani ya kulawa. Tsabola m'bale wake ndi bala. David Julius anapeza mu 1997 kuti capsaicin wa mu tsabola amatsegula kachitseko kotchedwa TRPV1 pa mitsempha ya ululu, kachitseko komwe kamatsegukanso kutentha kukapitirira madigiri 43. Ubongo umalandira uthenga wakuti m'kamwa mukupsa, ndiye thukuta kamukamu. Julius anagawana Nobel ya 2021 ndi Ardem Patapoutian, yemwe mu 2010 anapeza timakomo ta Piezo, totseguka selo likakanikizidwa. Titseko tomva kutentha ngati ka TRPV1 kaja ndi tomwe tinayenera kuwadzutsa bambo usiku wa mbaula uja.

Khungu la munthu wamkulu mutaliyala lingakwane pafupifupi masikweya mita 2, koma kumva sikunagawidwe mofanana. Taonani mayi akusankha chitenje mumsika waukulu wa Lilongwe. Maso ali pa wogulitsa, akunenerera mtengo, koma chala chachikulu ndi chamkombaphala zikufikisa nsaluyo, ndipo zadziwa kale ngati ndi thonje lenileni kapena ndi yolimbitsidwa ndi sitachi. Pansonga pa zalazo pali tiziwalo ta Merkel tomva m'mphepete ndi kukhakhala, ta Meissner tomva chinthu chikayamba kuterereka, ta Pacini tokutidwa magawomagawo ngati anyezi tomva kunjenjemera, ndi ta Ruffini tomva khungu likakokeka. Tengani timitengo tiwiri ta machesi mugunditse pansonga ya chala cha munthu wotsinzina: amadziwa kuti ndi tiwiri ngakhale titatalikirana mamilimita 2 kapena 3 okha. Pamsana mpaka titalikirane masentimita 4. Wilder Penfield, dokotala wa maopaleshoni a ubongo ku Montreal, anasonyeza m'zaka za m'ma 1930 kuti manja ndi milomo zinatenga malo aakulu muubongo kuposa msana wonse.

Ululu ndi kutentha zili ndi mitsempha yakeyake, yopyapyala, yothera pakhungu yopanda chokutira. Mukapunthwa chala pamwala mumamva kawiri: kubaya kwachangu, kenako kuphwanya kochedwa komwe kumakukhazikani pansi. Uthenga woyamba umathamanga mamita 5 mpaka 30 pa sekondi, wachiwiri umayenda mita imodzi kapena awiri. Mukagwira chivundikiro chotentha, dzanja limachoka musanadziwe, chifukwa lamulo lachokera mumsana osadikira ubongo. Ndipo mukasisita pomwe mwagundidwa, mitsempha ya kukhudza, yomwe ndi yaliwiro kuposa ya ululu, imachepetsa uthenga wa ululuwo pamsana pomwepo, monga anafotokozera Ronald Melzack ndi Patrick Wall mu 1965. Mayi wosisita bondo la mwana akupereka mankhwala enieni.

Tsopano phazi la bambo. Mtsempha womva chala cha kuphazi umayambira m'chiuno, pafupi ndi fupa la msana, ndipo ndi selo limodzi lotalika pafupifupi mita yathunthu. Zonse zoukonzera ziyenera kuyenda ulendo wonsewo. Shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga ulusiwo komanso timitsempha ta magazi toudyetsa, ndipo monga mpopi wa kumapeto kwa paipi ndiwo umayamba kuuma, zala za kuphazi ndizo zimayamba. Dzanzi limakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi, mapazi onse awiri, likafika cha m'mawondo n'kuyambanso nsonga za zala za kumanja. Pafupifupi theka la anthu a shuga amakumana nazo. Ena amamva moto kapena nyerere kuyenda usiku, ena amati akuponda pathonje, ena patapata amavuka iwo n'kumapitabe. Timitsempha topyapyala ta kutentha ndi ululu nthawi zambiri ndi toyamba kufa. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma thupi linapatsidwa ng'oma yake, ululu, ndipo kuphazi kwa bambo ng'omayo yang'ambika.

Sindidzaiwala mlonda wina amene anabwera ndi bala la pansi pa phazi, akunena kuti silipweteka ndiye si lalikulu. Nditatembenuza nsapato yake munagwa chitsekerero cha botolo. Mano a chitsekererocho anali atadinda bwalo pakhungu, ngati chidindo, ndipo anali atayenda nacho kuyambira dzulo lake. Anachitola, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Dokotala Paul Brand, amene anagwira ntchito ndi odwala khate ku Vellore ku India, anasonyeza kuti zala za odwala khate sizimangoduka zokha. Zimatha chifukwa cha kupsa ndi kuvulala mobwerezabwereza popanda ululu wowauza kuti apumitse. Phazi la shuga limatha m'njira yomweyo, kuwonjezapo kuti magazi safika okwanira ndipo chitetezo chimafooka. Munthu amapondabe pabala, bala limazama, tizilombo timafika pafupa, ndipo miyendo yambiri yomwe imadulidwa inayamba ndi thuza ngati lomwe munaliona m'mawa uja. Ngati balalo likutuluka mafinya, likununkha, lada m'mphepete, phazi latupa kapena bambo akutentha thupi, musadikire mawa. Kununkhako muyenera kukumva ndinu, iwo sangakumve. Azakhali musakangane nawo, akuwafunira zabwino m'bale wawo, ndipo mapemphero apitirire. Koma pabalapo pasathiridwe phulusa, mchere, mankhwala otsukira mano kapena ufa wa mizu, ndipo pasatemedwe mphini.

Mitsempha yomwe yafa kuphazi kawirikawiri sibwerera yonse, koma kusunga shuga pamlingo wabwino kumachedwetsa dzanzilo kuti lisakwere. Pali zina zowonjezera moto zomwe zimakonzeka. Metformin womwedwa zaka zambiri amachepetsa vitamini B12 mwa anthu ena, ndipo kuchepa kwake kumabweretsa dzanzi lomweli; asasiye mankhwalawo, koma funsani ngati angayezedwe. Mowa, makamaka kachasu, umapha mitsempha yomweyi. Mankhwala a TB a isoniazid nawonso amatero, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi pyridoxine. Dziwaninso kuti munthu amaima chilili podalira zitatu: maso, tinjira titatu tamadzi ta m'kati mwa khutu toyandikana ndi kankhono kaja, ndi uthenga wochokera kumapazi. Mapazi akachita dzanzi, magetsi n'kuzima, bambo atsala ndi chimodzi, ndiye tochi izikhala pamutu pa bedi lawo ndipo njira ya kuchimbudzi izikhala yopanda zopunthwitsa.

Kuchipatala amayeza ndi kaulusi kapulasitiki kokankha ndi mphamvu ya magalamu 10, koma pali kuyeza kwina komwe madokotala a ku Ipswich ku England anakonza, komwe achibale akhoza kuchita pakhomo. Bambo agone, avule masokosi, atsinzine. Ndi nsonga ya chala chanu khudzani mopepuka, osakanikiza, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, pansonga pa chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono cha phazi lililonse, iwo aziti eya akamva. Akaphonya ziwiri kapena kuposa mwa zisanu ndi chimodzizo, lembani ndipo mukamuuze dokotala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse omwe akumwa. Kuyambira lero asayende opanda nsapato ngakhale m'nyumba, nsapato azizikutumula ndi kupisamo dzanja asanavale, madzi osamba muziwayesa ndinu ndi chigongono, ndipo kukazizira avale masokosi awiri osathina m'malo moyandikiza mapazi kumbaula. Madzulo aliwonse, kusanade, wina wa inu, ngakhale mdzukulu wamkuluko, akhale pansi awagwire phazi, ayang'ane kuchidendene, pansi pake, ndi pakati pa chala ndi chala.